Maboti Atatu Pansi pa Funde: Zithunzi za Hokusai wa ku Japan

(NYIMBO YOTSEGULIRA, KENAKO ITSIKE PANG'ONOPANG'ONO)

WOULUTSA: Lero ulendo wathu ndi wautali. Tikupita ku Japan, ndipo tikubwerera m'mbuyo zaka pafupifupi 200, kukakumana ndi mkulu wina wojambula zithunzi, dzina lake Katsushika Hokusai.

Mwina dzinalo simunalimvepo, koma chithunzi chake chimodzi ambiri munachionapo. Chimapezeka pa malaya, pa zikuto za mabuku, pa makapu a tiyi, ngakhalenso m'mafoni. Ndi chija cha funde lalikulu la buluu, lopindika pamwamba, lokhala ndi thovu loyera lotambasuka ngati zikhadabo. Dziko lonse limachidziwa chifukwa cha funde limenelo. Ife lero tilisiya kaye fundelo, tiyang'ane pansi pake. Pali maboti atatu, ndipo m'mabotimo muli anthu amene ali pa ntchito.

(NYIMBO IKWERE PANG'ONO, KENAKO ITHE)

WOULUTSA: Poti pa wailesi maso ndi makutu, ndiloleni ndikufotokozereni chithunzichi bwinobwino. Ndi chaching'ono: m'litali masentimita pafupifupi 37, m'lifupi 25. Kumanzere kwake funde ladzuka, lapinda mutu, latsala pang'ono kugwa. Chapatali, pakati pa mafunde, pakuoneka kaphiri kosongoka kokhala ndi chipale chofewa pamwamba. Limenelo ndi phiri la Fuji, lalitali kuposa mapiri onse a ku Japan, mamita 3,776, koma pano lachepa mwakuti wosayang'anitsitsa angaliyese funde lina. Ndiyeno pali maboti atatu aja, aatali, owonda, osongoka kutsogolo, a mtundu wa thabwa louma. Opalasa aunjikana chakumbuyo kwa boti, awerama, agwiritsitsa nkhafi zawo. Nkhope zawo ndi timadontho toyera basi. Palibe amene akukuwa, palibe amene walumphira m'madzi. Akuchita zimene munthu wodziwa nyanja amachita funde likamabwera: kutsitsa thupi, kulunjikitsa boti, ndi kudikira.

Chithunzichi chinatuluka cha m'ma 1831, Hokusai ali ndi zaka pafupifupi 70. Dzina la malo amene chikuonetsa ndi Kanagawa, pafupi ndi mzinda wa Edo. Edo ndiye Tokyo wa lero.

Kodi anthu amenewa ndani, ndipo akufunanji pa nyanja yolusa chonchi?

Maboti a mtundu umenewu ankatchedwa oshiokuri. Ntchito yawo inali imodzi: kuthamangitsa nsomba zaziwisi kuchokera ku midzi ya asodzi ya ku Izu ndi ku Boso kukafika nazo ku msika waukulu wa Nihonbashi mu Edo. Nthawi imeneyo mzindawu unali ndi anthu pafupifupi 1 miliyoni, umodzi mwa mizinda ikuluikulu pa dziko lonse, ndipo ndiwo yawo yaikulu inali nsomba. Kunalibe injini, kunalibe firiji. Nsomba ikachedwa pa njira, yawonongeka, ndipo thukuta la msodzi lapita pachabe. Choncho amisiri anakonza boti loti liwiro ndiye chuma chake. Linali lalitali mamita 12 mpaka 15, lopyapyala kuti lizing'amba madzi. Mphepo ikakhala yabwino ankakweza thanga. Ikaleka kapena ikatembenuka, ankatsitsa thangalo n'kugwira nkhafi. Pa chithunzi cha Hokusai, boti lililonse lili ndi opalasa 8.

Kapalasidwe kawo nakonso n'kosiyana ndi kamene ambiri timakadziwa. Nkhafi yawo, imene amaitcha ro, ndi yaitali ndipo imatsamira pa kachitsulo kapena kamtengo ka m'mbali mwa boti. Wopalasa saitulutsa m'madzi. Amaima chilili, n'kumaikankha ndi kuikoka uku akuipotoza, ndipo boti limangoseseleka chamtsogolo. Ndi kapalasidwe kosatopetsa msanga, koyenera ulendo wa usiku wonse.

Panalinso nyengo imene liwiro linkalipira kwambiri. Chilimwe chikamayandikira, ku nyanja kunkabwera nsomba yotchedwa katsuo, ya m'gulu la tuna. Anthu a mu Edo ankalimbirana katsuo woyamba wa chaka, ndipo olemera ankalipira ndalama zochititsa kakasi kuti anzawo adziwe kuti iwo alawa kale. Boti lofika msanga ndilo linkadya bwino. Mukamva zimenezi, chithunzi chija chimasintha. Anthu aja sanasochere, ndipo sakuchita masewera. Ali pa nyanja chifukwa msika sudikira.

Akatswiri ena a sayansi anagwiritsa ntchito kutalika kwa mabotiwa poyeza fundelo, ndipo anapeza kuti lingakhale lotalika mamita 10 mpaka 12. Anthu ambiri amati ndi tsunami, funde lobwera chifukwa cha chivomezi, koma akatswiriwo amati ayi. Tsunami akakhala pakati pa nyanja saoneka chonchi. Ili ndi limodzi mwa mafunde akuluakulu odzidzimutsa amene amabadwa pamene mafunde angapo akumana n'kuphatikizana mphamvu. Taonani, omvera, kuti ngakhale wofuna kudziwa kukula kwa funde, muyeso wake ndi boti.

(NYIMBO YAIFUPI)

WOULUTSA: Tsopano timudziwe mwini chithunzi. Hokusai anabadwa mu 1760 ku Honjo, dera la mu Edo lomwe lili m'mbali mwa mtsinje wa Sumida. Edo unali mzinda wa madzi, wodzaza ndi mitsinje ndi ngalande zokumba. Mpunga, nkhuni, makala, matabwa, ndiwo zamasamba, zonse zinkalowa mu mzinda pa boti. Mwana wokulira ku Honjo sakanatha tsiku osaona munthu akupalasa.

Ali mnyamata anaphunzira kugoba matabwa osindikizira, ndipo asanakwanitse zaka 20 analowa m'nyumba ya mphunzitsi wa zojambula, Katsukawa Shunsho. Anali munthu wosakhazikika. Anasintha dzina lake la ntchito maulendo pafupifupi 30, ndipo amati anasamuka nyumba maulendo oposa 90. Ndalama sizinkakhalitsa m'manja mwake. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1820 mavuto anamuunjikira: anadwala matenda oumitsa ziwalo, mkazi wake anamwalira, ndipo mdzukulu wake anamulowetsa m'ngongole. Amene anamusunga ndi kugwira naye ntchito mpaka kumapeto anali mwana wake wamkazi, Oi, amenenso anali katswiri wojambula. Chithunzi cha funde chinatuluka m'manja mwa nkhalamba yovutika, imene inkafunika ndalama.

Komatu sichinabwere mwangozi. Kwa zaka pafupifupi 30 Hokusai ankabwerezabwereza nkhani yomweyi ya boti ndi funde. Cha m'ma 1803 anajambula chombo chikudutsa pansi pa funde ku Honmoku, kufupi ndi Kanagawa komweko. Cha m'ma 1805 anajambula maboti a oshiokuri omwewa akulimbana ndi funde. M'zithunzi zoyambirirazo funde ndi louma, ngati khoma ladothi. Zinamutengera zaka zonsezo kuti madzi aoneke kuti akuyenda, ndipo boti likhale pamalo pamene woona angamve mantha a wopalasa.

Mwina mukudabwa kuti ndikunena za kusindikiza pamene nkhani ndi ya wojambula. Apa ndi pofunika kumvetsa. Chithunzi cha funde si chimodzi chopakidwa utoto ndi dzanja ayi. Ndi chodinda, ndipo zinadindidwa zambirimbiri. Mutu umodzi susenza denga: ntchitoyi inkafuna anthu a maluso anayi.

Woyamba ndi wosindikiza, mwini bizinesi, amene ankaika ndalama ndi kusankha zoti zijambulidwe. Wa chithunzi chathuchi anali Nishimuraya Yohachi. Wachiwiri ndi wojambula, Hokusai, amene ankalemba mizere ndi burashi pa pepala lopyapyala. Wachitatu ndi wogoba. Iyeyu ankamata pepalalo chafufumimba pa thabwa losalala la mtengo wa tcheri, n'kugoba ndi timipeni malo onse opanda mzere, mpaka mizere yokha itatsala yotukuka. Apa pepala la wojambula linkatheratu. Limene linkatsala ndi thabwa, litasanduka chidindo. Mtundu uliwonse wa utoto unkafuna mbali yakeyake ya thabwa: ina ya buluu wakuda, ina ya buluu wowala, ina ya chikasu cha maboti, ina ya mitambo. Wachinayi ndi wodinda. Ankapaka utoto pa thabwa, kuyalapo pepala lachinyezi lopangidwa ndi makungwa a mtengo wa m'gulu la mabulosi, n'kulitikita kumsana ndi kachipangizo kozungulira kokutidwa ndi khoko la nsungwi. Pepala limodzi linkadutsa pa matabwa onsewo limodzilimodzi, ndipo pa thabwa lililonse pankagobedwa tizizindikiro ta m'ngodya kuti mitundu isaphonyane ngakhale pang'ono.

Chifukwa chodinda zambiri, mtengo unali wotsika. Chithunzi chimodzi sichinkasiyana kwenikweni ndi mtengo wa mbale ziwiri za soba, chakudya cha anthu wamba cha m'misika. Kalipentala ankatha kugula, wogulitsa nsomba ankathanso kugula. Ndiye kuti anthu amene ankachiona poyamba ankawadziwa maboti amenewa, ndipo wojambula akanalakwitsa kapangidwe kake akanamuseka.

Chimene chinakopa ogula kwambiri chinali utoto wa buluu. Utoto umenewu unatulukiridwa ku Berlin, ku Germany, kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1700, ndipo unkafika ku Japan kudzera pa doko la Nagasaki, m'zombo za amalonda a ku China ndi a ku Netherlands. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1820 mtengo wake unatsika, osindikiza n'kuyamba kuugwiritsa ntchito. Buluu wakale wochokera ku maluwa ankasuluka msanga. Uyu ankakhalitsa, ndipo ankatha kuoneka wakuda bii kapena wowala mbee. Kwa munthu wofuna kujambula madzi, inali mphatso yaikulu.

(NYIMBO YAIFUPI)

WOULUTSA: Ngati mwangotsegula kumene wailesi yanu, tikukamba za Hokusai, wojambula wa ku Japan amene anakhala ndi moyo kuyambira 1760 mpaka 1849, ndi maboti a m'zithunzi zake.

Chithunzi cha funde ndi chimodzi mwa gulu la zithunzi zoonetsa phiri la Fuji kuchokera ku malo osiyanasiyana. Poyamba anakonza zoti zikhale 36, koma zitayenda malonda anawonjezera 10, zonse pamodzi 46. Mutu wake ndi phiri, koma mukaziyala pamodzi mumapeza kuti nthawi zambiri phirilo lili kutali, ndipo pafupi pali munthu akugwira ntchito: wocheka matabwa, wokonza migolo, wofolera denga. Ndipo maboti ali ponseponse, lililonse ndi kapangidwe kake molingana ndi madzi ake.

Pa chithunzi cha ku Ushibori pali boti lalikulu lonyamula katundu m'madambo ndi m'mitsinje, lili ndi kadenga, laima m'mabango. Munthu watsamira m'mbali akutaya madzi otsukira mpunga, ndipo akakowa awiri adzidzimuka n'kuuluka. Apa mukuona kuti boti linali nyumba: anthu ankaphikamo ndi kugonamo. Pa chithunzi cha pa doko la Onmaya, pa mtsinje wa Sumida, pali boti lowolotsa anthu madzulo, ladzaza ndi apaulendo a mitundumitundu, wopalasa ali kumbuyo, mlatho wa Ryogoku ukuoneka patali. Pa gombe la Tago asodzi akukoka nkhafi mwamphamvu pamene anthu pa mchenga akupanga mchere.

Palinso chithunzi cha kachilumba ka Tsukuda, pamene mtsinje wa Sumida umathira m'nyanja, kozunguliridwa ndi maboti a misinkhu yonse. Asodzi a pa kachilumbaka makolo awo anachokera kufupi ndi Osaka, atabwera m'nthawi ya Tokugawa Ieyasu, wolamulira amene anakweza Edo kukhala likulu la boma lake. Ankadziwika ndi kugwira tinsomba ting'onoting'ono toyera totchedwa shirauo, timene tina ankapereka ku nyumba ya wolamulira. Ankatigwira usiku, atayatsa moto m'madengu achitsulo olendewera kutsogolo kwa boti, kuti kuwala kukope nsomba. Inu a ku Nkhata Bay, ku Salima ndi ku Mangochi, amene mumaona nyali za asodzi a usipa zitandanda pa nyanja usiku, nzeru imeneyi mukuidziwa bwino. Moto wa asodzi a ku Tsukuda anaujambula bwino ndi Utagawa Hiroshige, mnzake wa Hokusai pa luso komanso wopikisana naye pa msika.

Cha m'ma 1833 Hokusai anatulutsanso gulu lina la zithunzi 10 lotchedwa Chie no umi, lokhudza usodzi wokhawokha. M'menemo muli maboti a ku Choshi akupyola pakati pa mafunde osweka pa miyala, muli ogwira nsomba ndi miuni mu mtsinje, mulinso gulu la maboti litazinga namgumi ku zilumba za Goto. Munthu wofuna kudziwa mmene anthu a ku Japan ankapezera ndiwo zaka 200 zapitazo, zithunzi zimenezi zimamuuza zambiri zimene alembi a boma sanazione kuti n'zoyenera kulemba.

Tiime pang'ono pa chithunzi china, cha pa nyanja ya Kazusa. Chikuonetsa zombo ziwiri zikuluzikulu za katundu, chilichonse chili ndi mlongoti umodzi ndi thanga limodzi lalikulu la nsalu ya thonje. Zombo zoterezi, zotchedwa bezaisen, ndizo zinali msana wa malonda a dziko. Zinkatenga mpunga, thonje, mafuta ndi mowa wa mpunga ku Osaka kupita nazo ku Edo. Zikuluzikulu zinkanyamula matani pafupifupi 150, ndi amalinyero owerengeka chabe.

Koma zinali zombo zoyenda mongotsata gombe, ndipo chifukwa chake chinali lamulo. Kuyambira m'zaka za m'ma 1630, boma la Tokugawa linaletsa nzika zake kupita ku maiko akunja, ndipo amene wapita akabwerera chilango chake chinali imfa. Popeza panalibe ulendo wakutali, amisiri anakulitsa luso lawo pa zombo zonyamula katundu wambiri ndi zolowa m'madoko osaya. Chiwongolero chake chinali chachikulu kwambiri, chotheka kuchikweza pofika posaya, koma namondwe akachimenya chinkathyoka. Chikathyoka, amalinyero ankadula mlongoti kuti chombo chisagubuduzike, ndipo kuyambira pamenepo ankangopita kumene madzi afuna.

Mu 1832, chithunzi cha funde chili chatsopano m'masitolo, chombo china chotchedwa Hojunmaru chinanyamuka ndi mpunga kulowera ku Edo, muli anthu 14. Namondwe anachithyola chiwongolero, ndipo chinatengedwa ndi madzi kwa miyezi 14, kudutsa nyanja yonse ya Pacific, mpaka chinakatsakamira ku gombe la America, kumene lero kuli chigawo cha Washington. Opulumuka anali atatu okha, mmodzi wa iwo mnyamata dzina lake Otokichi. Mu 1837 chombo cha ku America chotchedwa Morrison chinayesa kuwabweza kwawo, koma asilikali a pa gombe anachiwombera ndi mizinga, ndipo chinabwerera. Choncho anthu ogula zithunzi za Hokusai ankadziwa kuti nyanja imadyetsa, komanso imatenga anthu osawabweza.

(NYIMBO YAIFUPI)

WOULUTSA: Hokusai anamwalira mu 1849. Chakudza sichiimba ng'oma: patangopita zaka zinayi, mu 1853, zombo zinayi za nkhondo za ku America, motsogozedwa ndi Matthew Perry, zinaima pa Uraga, pakhomo penipeni pa nyanja yolowera ku Edo, njira yomwe maboti a nsomba aja ankadutsa. Ziwiri mwa izo zinali zoyendera nthunzi. Chaka chomwecho boma linachotsa lamulo lakale loletsa kupanga zombo zikuluzikulu za nkhondo. Mu 1859 doko la Yokohama, loyandikana ndi Kanagawa, linatsegulidwa kwa amalonda akunja. Madzi omwewo amene Hokusai anajambulapo opalasa 8 anadzaza ndi sitima zofuka utsi. Pang'onopang'ono njanji ndi injini zinalanda ntchito ya oshiokuri ndi ya bezaisen. Boti la matabwa likasiya ntchito silikhalitsa: limawola pa gombe, kapena limathera pa moto.

Zithunzi zija nazo zinakwera sitima. Zitafika ku Ulaya, makamaka pambuyo pa chionetsero chachikulu cha ku Paris cha 1867, ojambula a kumeneko anazikonda kwabasi. Claude Monet anali nacho chithunzi cha funde m'nyumba mwake ku Giverny. Vincent van Gogh anachitchula m'kalata yopita kwa m'bale wake Theo. Mu 1905 woimba Claude Debussy anaika funde la Hokusai pa chikuto cha nyimbo zake zotchedwa La Mer. Koma tamverani ichi: pa chikutopo anangotengapo funde lokha. Maboti anawachotsa. Ndipo kuyambira nthawi imeneyo anthu ambiri otengera chithunzichi amachita chimodzimodzi.

Akatswiri amati zithunzi za funde zinadindidwa masauzande angapo, mpaka matabwa anaperepeseka ndipo mizere ina inayamba kuduka. Zambiri zinatayika, poti chinthu chotchipa sachisamala, ndipo Edo unali mzinda wa moto ndi zivomezi. Wofufuza wa ku British Museum, Capucine Korenberg, analondola zotsala n'kupeza zoposa 100, ndipo poyang'ana pamene mizere inaduka amatha kudziwa chimene chinadindidwa poyamba ndi chimene chinabwera pambuyo. Lero zina zili ku British Museum ku London, ku Metropolitan Museum ku New York, ndi ku Sumida Hokusai Museum ku Tokyo, imene inatsegulidwa mu 2016 m'dera lomwe iye anabadwira. Saziika poyera nthawi yaitali chifukwa kuwala kumasulutsa utoto. Mu 2023 chimodzi chinagulidwa ku New York pa mtengo woposa madola 2.7 miliyoni, ndipo kuyambira mu 2024 chithunzichi chili kumbuyo kwa ndalama ya pepala ya 1,000 yen.

(NYIMBO YAIFUPI)

WOULUTSA: Tisanatseke, tifunse funso limene wophunzira mbiri aliyense ayenera kufunsa: kodi chithunzi tingachikhulupirire mpaka pati?

Hokusai sanali kamera. Ankakulitsa china, kuchepetsa china, kusuntha phiri kuti likhale pamene diso likufuna. Choncho ofufuza za maboti akale samudalira yekha. Amayerekeza zithunzi zake ndi za ena, ndi timaboti tachitsanzo tosema, ndi zolemba za pa madoko. Amayang'ananso zithunzi za mtundu wina zotchedwa funa-ema. Izi eni zombo ankajambulitsa pa thabwa, chombo chawo chili ndi thanga lotambasuka, n'kukazipachika m'nyumba zopembedzeramo popempha ulendo wabwino kapena pothokoza kuti apulumuka. Zambiri zikadalipo m'midzi ya m'mbali mwa nyanja. Umboni wonsewu utaphatikizidwa ndi umene unathandiza kuti mu 1999 ku Osaka amange Naniwa Maru, chombo cha katundu chofanana ndi zakale zija pa msinkhu wake weniweni, n'kuchiyesa pa madzi.

Komabe pali zinthu zimene ngakhale chithunzi chabwino chotani sichingasunge. Boti la ku Japan silimangidwa poyamba ndi nthiti ngati maboti a ku Ulaya. Mmisiri amatenga matabwa aakulu a mtengo wa sugi, n'kuwalumikiza m'mphepete ndi m'mphepete. Kuti awiri agwirane osasiya mpata, amawagunditsa, n'kudutsitsa sowo pakati pawo mobwerezabwereza, kuyambira ya mano aakulu mpaka ya mano aang'ono, mpaka mbali ziwirizo zitafanana ndendende. Akatero amamenya m'mphepetemo ndi hamala kuti thabwa lifinyike; likalowa m'madzi limafufuma n'kutseka lokha. Misomali yake ndi yaphanthiphanthi, yolowa chopendekera m'mabowo oboola ndi tchizulo chapadera. Zonsezi pa chithunzi sizioneka. Chimene chimaoneka ndi mzere umodzi wokongola wa buluu.

Ndipo amisiriwo sankalemba. Ena ankajambula pulani pa thabwa, koma miyeso yofunika kwambiri ankaisiya dala, kuti wopikisana naye asabe. Wophunzira ankakhala zaka akusesa ndi kunola zipangizo, akuonerera mwakachetechete, mpaka manja ake atazolowera. Njira imeneyi inayenda bwino pamene ophunzira analipo. Koma kuyambira cha m'ma 1970 asodzi anatembenukira ku maboti a faibagalasi, ana a amisiri anapita ku ntchito za m'mizinda, ndipo akuluakulu anatsala okha ndi nzeru zawo m'mutu.

Mmisiri wina wa maboti wa ku America, Douglas Brooks, ataona zimenezi anayamba mu 1996 kukhala wophunzira wa akuluakulu otere, mmodzi ndi mmodzi. Anayambira pa chilumba cha Sado, kumene kuli timaboti tozungulira tomangidwa ngati mgolo, togwirira nkhono ndi ndere m'miyala ya m'gombe. Aphunzitsi ake anali okalamba, ndipo ambiri analibe wophunzira wina. Iye ankamanga nawo boti, kuyeza thabwa lililonse, kujambula mapulani, ndi kulemba ndondomeko yonse, ndipo mu 2015 anatulutsa buku la kamangidwe ka maboti a matabwa a ku Japan.

Apa ndiye pagona phunziro la lero. Kusunga mbiri ya boti kumafuna anthu a ntchito zitatu. Wojambula amasunga maonekedwe ake ndi moyo wa anthu ake: mmene ankakhalira m'botimo, chimene ankanyamula, nyanja imene ankalimbana nayo. Woyeza ndi kulemba amasunga miyeso. Koma kupinda thabwa pa moto osalithyola, kapena kumva ndi khutu kuti msomali wakhala, zimenezo zimasungidwa ndi wophunzira yekha, amene waima pambali pa mmisiri mmisiriyo akadali moyo. Mwa atatuwa, wojambula ndi amene ntchito yake imafika kutali ndi kukopa anthu kuti afunse mafunso. Koma yachitatuyo ndi imene imatha msanga, ndipo ikatha palibe ndalama imene ingaibweze.

Aphunzitsi amene mukumvera pamodzi ndi ana a sukulu, nayi ntchito ya sabata ino. Pezani chithunzi china chilichonse cha Hokusai chokhala ndi boti, kaya m'buku kaya pa intaneti. Cha ku Ushibori kapena cha ku Kazusa ndi poyambira pabwino. Ana ayankhe mafunso atatu: boti ili likuyenda ndi chiyani, lanyamula chiyani, ndipo kapangidwe kake kakutiuza chiyani za madzi amene limayendamo? Akatha, ajambule okha chipangizo chimodzi cha ntchito chimene amachiona kwawo, mosamala mwakuti munthu wa zaka 200 zikubwerazo adzathe kudziwa mmene chinkagwirira ntchito.

Nthawi yathu yathera pamenepa. Tidzakumanenso sabata yamawa nthawi ngati yomweyi. Tsalani bwino.

(NYIMBO YOTSEKERA)